Ulendo wokaona zithunzi zimene mvula siifufuta

Ndifotokoze za ulendo umene sindidauyende. Ukadali m'kope, patsamba loyang'anizana ndi lomwe ndimalembapo ngongole za feteleza, koma wandidyera kale miyezi isanu ndi iwiri, wandikhalitsa pabwalo ndi alamu anga, ndipo wandionetsa zina za dziko lino zomwe zaka 31 zogwira choko sizidandionetse.

Kwathu ndi m'munsi mwa phiri la Ntchisi, mbali yoyang'ana ku Dowa. M'mawa wa mwezi wa Juni nkhungu imatsika m'nkhalango muja n'kudzagona m'zigwa, mwakuti ukaima pachitunda cha kuseri kwa nyumba yanga umangoona nsonga za mapiri zikuyandama ngati zilumba. Tsiku lowala bwino, ukalimba mtima n'kukwera pamwamba, nyanja imaonekera patali chakum'mawa. Alendo amalipira ndalama zawo kudzaona zimenezi, ife timangodutsa titasenza mitolo ya nkhuni, maso ali pansi kuopa kupunthwa.

Mlongo wanga ali ndi mwana wamkazi wa zaka 15, yemwe ali Fomu 2 pasukulu ya sekondale yoyendera. Ine ndine malume wake, mwinimbumba, choncho nkhani zake zonse zimathera pakhonde panga. Mwanayu amajambula. Adayamba ndi makala pazikuto za makope, kenaka pamakatoni a sopo omwe amapempha kugolosale. Kunoko dzinja likapita, zokolola zitalowa m'nkhokwe, amayi amazira nyumba ndi kukongoletsa makoma. Amatapa katondo wofiira, dothi loyera la kudambo, makande akuda, nthawi zina n'kuwonjezera mwaye kapena phulusa, n'kulemba mizere, timaluwa ndi tinyenyezi. Ambiri amalekera pomwepo. Koma chaka chatha mwanayu adatenga khoma lonse la khitchini n'kujambulapo amayi ake akupeta chimanga. Nkhope sadaiike. Adangojambula msana wowerama uja, ndi mmene mlongo wanga amapendeketsera lichero kumanzere chifukwa cha phewa lomwe lidaguluka ali mtsikana. Aliyense wodutsa panjira ankaima n'kunena kuti, "Aa, si a Naphiri awa?" Mwini wakeyo ankachita manyazi, amvekere mwanayu wandiika pambalambanda, koma ndidawapezerera kangapo ataima okha akudziyang'ana.

Mvula ya pa Khirisimasi idabwera ndi mphepo, n'kumenya khomalo usiku wonse. Kutacha, a Naphiri a pakhoma adali atatsikira pansi, asanduka matope ofiira m'ngalande. Mwanayu sadalire. Adabwera kwathu madzulo, n'kukhala pamphasa, n'kufunsa kuti, "Amalume, kodi kulibe malo komwe chithunzi chimakhala osafufutika?"

Ndidayankha mwauphunzitsi kuti malowo aliko, amatchedwa myuziyamu, ndipo amapezeka m'mizinda.

"Ndiye mudzandipititseko."

Ndidavomera msangamsanga, monga timachitira akuluakulu poganiza kuti mwana aiwala likamacha. Sadaiwale. Loweruka lililonse amabwera kudzandithandiza kutunga madzi, ndipo akatula ndowa funso limakhala lomwelo.

Penti weniweni, wa m'timabotolo, adamuona koyamba ku Dzaleka. Ambiri mukudziwa kuti malo amenewa, pafupi ndi boma la Dowa, adali ndende nthawi ya chipani chimodzi, ndipo mu 1994 adasanduka msasa wa anthu othawa kwawo. Lero kuli anthu opitirira 50,000, ambiri ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda. Kuyambira mu 2014 kumachitika chikondwerero cha Tumaini, chomwe adayambitsa mlakatuli wa ku Congo, Menes La Plume, ndipo kulowa kwake n'kwaulere. Mwanayu adapitako ndi anzake a kusukulu. Enawo adabwerako akusimba za oyimba ndi ovina, iye adabwerako akusimba za mnyamata wina yemwe adayala zithunzi zake pansi, zojambulidwa pansalu yokokedwa pa timatabwa. Akuti adaima pamenepo mpaka mwini zithunziyo adamubwereka bulashi kuti ayeseko pakona ya katoni. Ndidaseka ndekha: munthu wothawa nkhondo makilomita mazanamazana ndiye adayamba kumugwiritsa mwana wathu bulashi, ife eni dziko tili phee.

Kukonza ulendowu ndidayambira pafupi. Lilongwe ndi pakhomo pathu: njinga yamoto mpaka pa boma, minibasi mpaka pa Mponela, ina kutsika ndi msewu wa M1 kudutsa pa Lumbadzi, dzuwa lisadafike paliwombo uli mu tauni. Ndidaganiza kuti mzinda womwe wakhala likulu la dziko kuyambira mu 1975 sungalephere kukhala ndi nyumba ya zithunzi. Tsiku lomwe ndidapita kukalondola za penshoni ndidafunsa anthu asanu ndi mmodzi. Awiri adandilozera ku chiliza cha Kamuzu, mmodzi ku chipilala chokumbukira asilikali, wina kumalo osungirako nyama. Mayi wina wa muofesi adandiuza kuti zithunzi zimakhala m'mahotela ndi m'timashopu ta alendo, ndipo nthawi zina akazembe amakonza chionetsero cha masiku awiri kapena atatu. Wachisanu ndi chimodzi adanditengera kwa anyamata ogulitsa ziboliboli pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town.

Anyamata amenewo sindikuwanyoza ayi. Ndidakhala nawo ola lathunthu. Pali mipando yosemedwa, njovu zondondozana, mapu a dziko lino, zithunzi za amayi osenza mitsuko dzuwa likulowa. Manja awo ndi aluso kwambiri. Koma mmodzi adandiuza mosabisa kuti amajambula chomwe mlendo angagule, ndipo chithunzi cha mayi wa mtsuko adachibwereza kambirimbiri moti angathe kuchijambula atatsinzina. Chikagulidwa chimakwera ndege, kwake kwatha. Mwana wa mlongo wanga sadafunse za komwe zithunzi zimagulitsidwa. Adafunsa za komwe zimakhala.

Mnzanga wina yemwe tidaphunzitsa limodzi ku Mvera, Mkatolika, atamva nkhaniyi adati ndikuvutikiranji, Mua ali pompa. Ndipo n'zoona kuti kwa ife a kuno njira yake ndi yachidule: ukatsika mapiri a Mvera n'kufika ku Salima, umakhotera kumwera ndi msewu wa m'mbali mwa nyanja mpaka cha ku Mtakataka, mishoni ili m'tsinde mwa mapiri a Dedza. Adaikhazikitsa ansembe a chipani cha White Fathers mu 1902. Mu 1976 bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada yemwe anthu adamupatsa mfunda woti Achisale, adayambitsa pamenepo malo a zaluso otchedwa Kungoni, pomwe pakhala pakuphunzitsidwa osema ndi ojambula, ndipo zosema zawo zidafika mpaka m'matchalitchi a ku Ulaya. Pomwepo pali myuziyamu ya Chamare, yofotokoza za moyo wa Achewa, Angoni ndi Ayao kuyambira kubadwa mpaka kumanda. Mnzangayo adati ngakhale makoma ake akunja ndi ojambulidwa mbiri ya dziko lino. Nditamva za makoma ojambulidwa ndidati basi, malo a mwana uja ndi amenewa.

Kenaka adawonjezera kuti m'chipinda china muli nkhope za Gule Wamkulu mazanamazana.

Apa m'pomwe padayambira mlandu. Ine ndine mwana wa Sinodi ya Nkhoma. Agogo athu adalowa kalasi pa Kongwe, mishoni yomwe Robert Blake adatsegula mu 1894, patangopita zaka zisanu chikhazikitsireni ya ku Mvera. Njira sindidagule, ndipo zilombo zikatuluka ndimapatuka ngati wina aliyense. Alamu anga, bambo ake a mwanayu, ndi munthu wa kudambwe, wolemekezeka kumeneko. Takhala mudzi umodzi zaka 20 popanda kukangana chifukwa aliyense amadziwa malire a munda wake. Nditawauza za Mua, adayamba akhala chete, n'kutulutsa kabotolo ka fodya, n'kununkhiza, kenaka adati:

"Alamu, inu ndinu eni mbumba, ine ndine tambala wobwereka. Koma mwana wanga wamkazi, yemwe anamkungwi sadamulange, akaime maso ndi maso ndi zinthu zimene amayi ake amaziona atagwada? Zimenezo si zokongoletsera nyumba."

Ndidayesa kuwauza kuti dziko lonse lapansi lidavomereza kale kuti Gule Wamkulu ndi chuma, kuti bungwe la UNESCO lidalengeza zimenezi mu 2005, ndipo kuti zomwe zili ku Mua zidasonkhanitsidwa mwaulemu pofuna kuti zisatayike. Adandiyang'ana ngati mwana wa Sitandade 1 yemwe wayankha funso lomwe silidafunsidwe.

"Kutayika? Chatayika n'chiyani? Chilombo chikagwira ntchito yake chimabwerera komwe chidachokera, palibe amachisunga. Maliro ena akagwa chimadzabweranso. Khoma la mwanayu lidafufutika, inde, nanga dothi latha kudambo? Manja ake adapita ndi mvula? Chaka chino ajambulenso, mwina aposa pamenepo. Inu ophunzira mumafuna chilichonse muchitsekere m'galasi."

Kunena zoona ndidasowa choyankha, ndipo mpaka lero mawu amenewa akundizungulirabe m'mutu. Luso lathu lambiri lidapangidwa kuti lithe. Khoma limazirwa chaka ndi chaka, mphika ukasweka amaumba wina, nyimbo ya pamtondo imatha mphale ikayera. Chimene chimasungidwa ndi manja a munthu ndi maso a mwana yemwe amaonerera. Komabe ndikakumbukira nkhope ya mwanayu m'mawa uja akuyang'ana m'ngalande, sindingathe kumuuza kuti funso lake n'lopanda pake. Mayi wina wa m'mudzi mwathu, yemwe adamwalira ine ndili mnyamata, ankatchuka dera lonse pokongoletsa makoma. Lero palibe ndi mmodzi yemwe angakuuzeni kuti maluwa ake ankaoneka bwanji. Timangoti adali katswiri, basi.

Chodabwitsa n'chakuti Lamulungu lotsatira, titatuluka m'tchalitchi, mkulu wa mpingo wina adandikokera pambali. Nkhani m'mudzi siigona. Adati wamva kuti ndikufuna kutengera mwana wa Sande sukulu kukaona zinyau, ndipo adandikumbutsa kuti ndine munthu wodalirika mumpingo. Ndidabwerera kunyumba ndikuseka. Chibadwire changa ndidali ndisadaonepo dambwe ndi tchalitchi zikugwirizana pa mfundo imodzi, koma pa ulendo wa mwana wa mlongo wanga zidagwirana chanza.

Tidamvana motere: ku Mua tidzapita ine ndi alamu anga awiriwiri, iwo akaone ndi maso awo, akaweruze okha. Akadzati mwana apite, adzapita. Adavomera, koma adati thiransipoti ndilipire ndine poti ndine ndidayambitsa. Ulendo wa mwanayu tsono udatsala wa ku Blantyre.

Ku Blantyre ndidakhalako zaka ziwiri ndikuphunzira zauphunzitsi, ndipo myuziyamu ya pa Chichiri ndidalowamo kamodzi, mu 1987. Ili pafupi ndi maofesi a khonsolo ya mzindawu, kufupi ndi bwalo la zamasewero la Kamuzu, ndipo idatsegulidwa mu 1966. Zomwe zidatsala m'mutu mwanga ndi ziwiri. Choyamba ndi makina akale omwe ali panja, mitu ya sitima ndi zigalimoto zomwe zidayenda m'dziko muno makolo athu akadali anyamata. Chachiwiri ndi mwala uja udagwa kuchokera kumwamba ku Machinga mu Januwale 1981, wolemera makilogalamu opitirira 90. Tidauzungulira ngati mbuzi zozungulira mchere. Mudalinso zida za makolo, makasu osula, mikanda, ng'oma, ndalama zakale. Koma ndiyenera kunena chilungamo, monga ndidamuuzira mwanayu: imeneyi ndi nyumba ya mbiri ndi chikhalidwe. Wofuna kuona mmene agogo ankasulira khasu akhuta. Wofuna zithunzi za penti zopachikidwa pakhoma ayenera kuyenda pang'ono.

Kuyenda kwake ndi kupita ku Mandala. Nyumba ya Mandala idamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes, ndipo imawerengedwa kuti ndi nyumba yakale kwambiri mwa zomangidwa ndi azungu zomwe zikadaima m'dziko muno. Dzinalo lidachokera ku magalasi a m'maso omwe ankavala John Moir, mmodzi mwa abale awiri omwe ankayendetsa kampaniyo. Myuziyamu ya dziko lino idayambira m'nyumba yomweyi isadasamukire ku Chichiri. Lero pansi pake pali malo oonetserako zithunzi ndi zosema otchedwa La Caverna, pomwe pamwamba pali laibulale ya bungwe la Society of Malawi, yosunga mabuku ndi zithunzi zakale za dziko lino. Zithunzi za pansizo n'zogulitsa, zoona, koma zapachikidwa pakhoma, chilichonse ndi dzina la mwini wake, ndipo munthu ukhoza kuima n'kuyang'ana. Dzinalo ndi lomwe ndikufuna mwanayu akalione. Pakhoma la khitchini palibe amasaina.

Ndaikanso m'kopemo tchalitchi cha St Michael and All Angels cha pa mishoni ya Blantyre, chomwe chidamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott, munthu yemwe sadaphunzirepo zomangamanga, pamodzi ndi amisiri akuda omwe adaumba ndi kuotcha njerwa zake pomwepo. Mwana wodziwa katondo ayenera kukaona chomwe katondo amasanduka akapsa. Ndi dothi lomwe lija lidatsikira m'ngalande, koma ili laima zaka zoposa 130 mvula ikulimenya.

Tsopano za ndalama, poti ulendo wa m'kope sulipira kondakitala. Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Blantyre ndi makilomita opitirira 300, ndipo ife tisadafike n'komwe ku Lilongweko timakhala takwera kale katatu. Mitengo ya thiransipoti sindilemba pano chifukwa yomwe ndidalemba mu Febuluwale idasintha kale kawiri, ndipo pofika tsiku lomwe kalatayi idzatuluke idzakhala itasinthanso. Ine ndimawerengera m'matumba. Ulendo wa anthu awiri, kupita ndi kubwera, kuphatikizapo maminibasi a mu tauni, zolipira pakhomo ndi kangachepe kapadera, ukudya matumba atatu a soya. Ndidapatula anayi, chifukwa walira mvula walira matope. Mlongo wanga atamva adagwira pakamwa, amvekere, "Achimwene, matumba anayi kukaona zithunzi? Bwanji osamugulira nsapato ndi yunifolomu?" Funso lake n'lomveka, ndipo sindidamutsutse. Ndidangomukumbutsa kuti soyayo ndi wa m'munda mwanga, ndipo yunifolomu ndidzagulanso ndine monga mwa masiku onse. Adang'ung'udza, koma mawa lake adabweretsa nkhuku yoti tikapatse achibale omwe tikagoneko ku Ndirande.

Malo ogona ndiwo adatipulumutsa. Tili ndi msuweni wathu kumeneko, ndipo adati masiku atatu atisunga. Popanda iye ulendowu ukadafera m'mazira, poti ndalama ya chipinda chogona alendo mu tauni ikadameza thumba lachisanu lomwe ndilibe.

Nthawi tidasankha Ogasiti. Mwanayu akhala atalemba mayeso ake a JCE, sukulu zili pa tchuthi, soya atagulitsidwa, ndipo njira zathu zafumbi zikhala zouma. Amene adayendapo m'mapiri muno mu Febuluwale akudziwa kuti njinga yamoto imakutula pakati pa chitunda n'kukuuza kuti ukankhe. Ndamuuza atenge juzi, chifukwa Blantyre ikagwidwa ndi chiperoni imazizira ngati kwathu konkuno. Tidzanyamuka Lachiwiri tambala woyamba, kuti Lachitatu ndi Lachinayi tidzayende m'malo aja pakati pa sabata, Lachisanu n'kubwerera. Msuweni uja ndamutuma kuti apite yekha akafunse masiku ndi maola otsegulira, mtengo wolowera wa mwana wa sukulu ndi wa munthu wamkulu, komanso ngati amalola kujambula ndi foni kapena kukhala pansi n'kumakopera m'kope. Izi ndidaphunzira mowawa zaka zapitazo, pomwe ndidatenga ana 40 pa lole kupita kukaona malo ena, n'kukapeza chipata chili chokhoma, mlonda akuti abwana apita kumaliro ndi makiyi. Tidadyera mbatata zathu panja pa mpanda n'kubwerera. Makolo adandinena chaka chathunthu.

M'basi ndamuuza kuti adzakhale pawindo, ndipo tikadzadutsa Linthipe kulowera ku Dedza asadzagone. Mapiri a m'dera limenelo ndiwo a Chongoni, komwe kuli malo 127 a zithunzi zojambulidwa pamiyala ndi m'mapanga, omwe UNESCO idawaika m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2006. Zofiira zidajambulidwa ndi Akafula, anthu omwe makolo athu adawapeza kuno. Zoyera zidajambulidwa ndi Achewa ndi dothi loyera, ndipo zambiri mwa izo n'zokhudza chinamwali, ntchito ya amayi. Nditawerenga zimenezi ndidaima kaye. Ndiye kuti amayi a mtundu wathu adafunsapo kale funso la mwana wa mlongo wangali, ndipo yankho lawo lidali kukajambula pansi pa thanthwe pomwe mvula siifika. Ndidakawauza alamu anga mfundo imeneyi ndikuyesa ndawagwira. Adati, "Eya, koma adakajambula kuphiri kobisika, sadaike mlonda wodula matikiti." Munthu ameneyu ndi wovuta kumugonjetsa.

Ulendo uno sititsika pa Chongoni, thumba silikulola. Adzangoona mapiriwo pawindo, kenaka kabichi ndi mbatata ya kachewere za pa Lizulu, Ntcheu, kutentha kwa ku Phalula, mlatho wa Shire pa Zalewa, Lunzu, mpaka pa Wenela. Mwana yemwe sadapitirirepo Lilongwe, zimenezi pazokha ndi chionetsero. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Pali anthu awiri omwe ndamuuza mbiri yawo pokonzekera, ndipo zithunzi za ntchito zawo tidaziona pafoni ya mphunzitsi wina wachinyamata, titakwera pachulu pomwe netiweki imagwira. Woyamba ndi Samson Kambalu, yemwe adaphunzira ku Kamuzu Academy, pa Mtunthama pomwepa, kenaka ku Chancellor College. Mu 2022 chiboliboli chake chotchedwa Antelope chidaimikidwa pabwalo la Trafalgar Square pakati pa mzinda wa London. Chikuonetsa John Chilembwe atavala chipewa, ataima ndi mmishonale John Chorley, potengera chithunzi chomwe chidajambulidwa mu 1914, nthawi yomwe munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu. Kambalu adamukuza Chilembwe, mzunguyo n'kumuchepetsa. Mwanayu adatulutsa ndalama ya K500 yomwe ndidamutuma nayo mchere, n'kuyang'ana nkhope ya Chilembwe, n'kuyang'ananso pafoni. Adafunsa ngati chibolibolicho tikachipeze ku Blantyre. Ndidati ayi.

Wachiwiri ndi Billie Zangewa, mayi wobadwira ku Blantyre mu 1973, yemwe amakhala ku Johannesburg. Iyeyu zithunzi zake amachita kusoka ndi tizidutswa ta nsalu ya silika, ndipo zambiri zimaonetsa moyo wa pakhomo: mayi ali kukhitchini, mayi ali ndi mwana wake. Zimaonetsedwa m'nyumba zikuluzikulu za zaluso ku Ulaya ndi ku America. Apa mwanayu adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adati, "Ndiye kuti mayi akupeta ndi chithunzi ndithu?" Ndidati ndi chithunzi. Adafunsanso ngati za mayi ameneyu tikazione ku Blantyre, poti ndi kwawo. Ndidati asayembekezere.

Mayankho awiri amenewa adandiwawa kuwapereka. Ana a dziko lino akukongoletsa mabwalo ndi makoma a eni ake kutsidya kwa nyanja, pomwe mwana wa ku Ntchisi, ngakhale malume ake atagulitsa soya yense, alibe khomo lomwe angagogode kuti aone ntchito zawo. Timamanga mabwalo a mpira ndi nyumba za misonkhano, ndipo sindikudana nazo. Koma chipinda chimodzi chachikulu mu Lilongwe, chofolera bwino, momwe boma lingamagule chithunzi chimodzi kapena ziwiri pachaka kwa ojambula athu n'kuzisunga kuti ana a sukulu azikaona, sichingagwetse bajeti ya dziko. Aphungu athu a ku Dowa ndi ku Ntchisi, ngati mumawerenga tsamba lino, mwamva.

Ndamupatsa malamulo atatu okha a m'nyumba zimenezo. Asakhudze kanthu, ngakhale chala chitayabwa chotani. Asathamangire kuona zonse, koma asankhe chithunzi chimodzi chomwe chamugwira mtima, aime pamenepo mpaka miyendo itope, ayang'ane pomwe wojambulayo adayambira ndi pomwe adalekera. Ndipo asaope kufunsa. Ana a kumudzi tikalowa m'nyumba yoyera timagwidwa ndi mantha, timayenda chonyang'ama ngati tabwera kudzapempha mchere. Ine ndemwe mu 1987 ndidatuluka pa Chichiri ndili ndi mafunso khumi m'mimba chifukwa choopa kuti Chingerezi changa chithyoka. Ndamuuza kuti afunse m'Chichewa, mokweza, poti zinthuzo ndi zake.

Iye naye wandipatsa lamulo lake. Akuti anyamula zojambula zake zitatu, ndipo ndikapeze munthu mmodzi wodziwa za penti woti akazione n'kumuuza zoona, osati zomusangalatsa. Izi zikundiopsa kuposa mtengo wa basi. Bwanji akakamuuza kuti n'zachibwana? Nanga akakamuuza kuti n'zabwino, ine ndidzatani naye mwana woti sukulu yake ilibe ngakhale bokosi limodzi la penti? Ndidamufunsa ngati ali wokonzeka kumva zowawa. Adati khoma lake lidagwa kale kamodzi.

Dzulo alamu anga adabwera madzulo atanyamula chidutswa cha paipi yapulasitiki, yotsala pomwe ankakonza mjigo, atachitsuka bwino n'kusema zotsekera ziwiri za mtengo wa mlombwa, mbali iyi ndi iyi. Adati mapepala a mwanayo akapindidwe mozungulira n'kulowetsedwa mmenemo, angakwinyike m'basi. Pa chotsekera chimodzi adasemapo kambalame. Sadakhale pansi, adangoti mwezi wa Seputembala uli bwino pa ulendo wathu wa ku Mua uja, fodya asadafese, ndipo ndisaiwale kuti wolipira ndine.

Mwanayu pakadali pano ali kudambo ndi beseni, akutapa dothi loyera. Akuti khoma la khitchini alijambulenso tisadanyamuke, ndipo ulendo uno akufuna ajambule bambo ake akununkhiza fodya.